Chimene Chimalimbitsa Dayamondi

Dayamondi ndi kaboni yekhayekha. Kaboni ameneyu ndi yemweyo amene amadetsa manja a wogulitsa makala, yemweyo amene ali mu mwaye wa kudenga la khitchini, komanso m'kati mwa pensulo ya mwana wa sukulu. Mu dayamondi woyera bwino mulibe chitsulo, mulibe mchenga, mulibe galasi. Maatomu a mwala wonyezimirawu ndi a khala ndi amtundu umodzi. Kusiyana konse kwagona pa mmene maatomuwo agwiranirana.

Zimenezi sizinadziwike msanga, chifukwa ndani akanaika mwala wa mtengo wapatali chotere pamoto kuti aone chimene chitsale? Mu 1772, ku Paris, Antoine Lavoisier anachita zomwezo. Anatsekera dayamondi m'chiwiya chagalasi, n'kusonkhanitsira pamenepo kuwala kwa dzuwa ndi magalasi akuluakulu. Mwalawo unanyeka, ndipo mpweya umene unatsala unali wofanana ndi umene umatuluka makala akamayaka, womwe lero umatchedwa carbon dioxide. Mu 1797, katswiri wa ku England, Smithson Tennant, anapita patsogolo poyeza pa sikelo. Iye anapeza kuti dayamondi ndi makala zolemera mofanana zikapsa zimatulutsa mpweya wochuluka mofanana. Funso linatsala linali lakuti, ngati zonsezi zili kaboni, n'chifukwa chiyani china chimanyenyeka ndi zala pomwe chinacho chimadula galasi?

Yankho limayambira mu atomu imodzi ya kaboni. Pa phata lake pali mapulotoni 6, ndipo mozungulira phatalo muli maelekitironi 6. Awiri amakhala pafupi kwambiri ndi phata ndipo salowerera nkhani za kunja. Anayi otsalawo ali m'chigawo chakunja, chimene chimakhazikika chikakhala ndi maelekitironi 8. Maatomu ena amathana ndi vutoli mophweka. Mu mchere wa m'ndiwo, atomu ya sodium imataya elekitironi imodzi, ya chlorine n'kuitola, basi nkhani yatha. Kaboni ali pakatikati: kutaya anayi n'kovuta, kutola anayi n'kovutanso. Choncho amabwerekana. Atomu iyi imasonkha elekitironi imodzi, inzake imasonkhanso imodzi, ndipo awiriwo amakhala pakati pa maphata awiri aja. Phata lililonse limakokera maelekitironi awiriwo kwake, ndipo pokoka chinthu chimodzi maatomuwo amamangika pamodzi. Cholumikizira chotere akatswiri amachitcha covalent bond, ndipo amene anafotokoza kagwiridwe kake mu 1916 ndi Gilbert Lewis wa ku America.

Mu dayamondi, atomu iliyonse ili ndi zolumikizira zinayi zotere, chilichonse cholunjika kwa atomu ina. Popeza maelekitironi amakankhana, zolumikizirazo zimatalikirana mmene zingathere. Sizigona chafufumimba ngati mtanda wojambula papepala. Chithunzi chake chili ngati cha mafuwa atatu ndi mphika pamwamba pake: maatomu atatu ali pansi pamene pali mafuwa, yachinayi ili m'mwamba pamene pali mphika, ndipo atomu imene ikugwira zonsezo ili m'katikati, pamene pamadutsa lawi. Pakati pa zolumikizira ziwiri zilizonse pali ngodya ya madigiri 109.5. Kuti kaboni amaloza manja ake kumbali zinayi chonchi ananena ndi Jacobus van 't Hoff wa ku Netherlands ndi Joseph Le Bel wa ku France mu 1874, aliyense payekha, asanaone atomu ndi imodzi yomwe. Mu 1931 Linus Pauling anasonyeza ndi masamu chifukwa chake zolumikizira zinayizo zimafanana ndendende: njira zimene maelekitironi anayi aja amayendamo zimasakanikirana n'kupanga njira zinayi zatsopano zofanana mphamvu ndi kutalika. M'mabuku a kusekondale ndi kukoleji kusakanikiranaku kumalembedwa kuti sp3.

Pofika apa, kaboni wa mu dayamondi sakusiyana ndi wa mu mpweya wa methane, amenenso ali ndi zolumikizira zinayi zoloza chimodzimodzi. Kusiyana kuli kumapeto kwa zolumikizirazo. Mu methane, kumapeto kuli maatomu a haidirojeni, omwe ali ndi dzanja limodzi lokha, ndiye kagulu kamathera pomwepo. Mu dayamondi, kumapeto kuli kaboni wina amene nayenso wagwira anzake anayi, ndipo aliyense wa iwo wagwira anayi ena, mpaka kukafika kumene mwalawo wathera. Madzi, shuga ndi mafuta ndi timagulu ta maatomu tomwe timangoyandikana. Dayamondi ndi gulu limodzi kuchokera mbali iyi kukafika mbali iyo. Kamwala ka karati imodzi, komwe kamalemera magalamu 0.2, kali ndi maatomu pafupifupi ochuluka ngati nambala ya 1 yotsatiridwa ndi maziro 22, ndipo onsewo ndi omangika pamodzi.

Amene anatsimikizira kasanjidwe kameneka ndi bambo ndi mwana wake, William Henry Bragg ndi William Lawrence Bragg, mu 1913. Iwo anawomba dayamondi ndi cheza cha X-ray n'kuyeza mbali zimene chezacho chinkanjanjira, ndipo kuchokera pamenepo anawerengera malo a maatomu. Ntchito ya mtundu umenewu inawapatsa mphotho ya Nobel mu 1915. Mtunda wa pakati pa maatomu awiri ogwirana ndi nanomita 0.154. Nanomita ndi gawo limodzi la milimita itagawidwa m'magawo 1 miliyoni, kotero zolumikizira zoposa 6 miliyoni zitandandalikidwa mumzere woongoka zingakwane milimita imodzi yokha. Kasanjidwe konse ndi kabokosi kamodzi ka mbali zofanana, kotalika nanomita 0.357, kobwerezedwa kumbali zonse. Kabokosi kalikonse kamawerengedwa kuti kali ndi maatomu 8. Chodabwitsa n'chakuti maatomuwa sanathithikane monga ambiri angaganizire. Mu mkuwa, atomu iliyonse imakhudzana ndi anzake 12 ndipo maatomu amadzaza 74 peresenti ya malo. Mu dayamondi amadzaza 34 peresenti yokha. Mphamvu yake ili m'zolumikizira, zomwe ndi zazifupi, zolimba, ndipo sizilola kupindika.

Kuti ubwino wa kasanjidweka uoneke, m'pofunika kuyang'ana mbale wake, graphite, amene amakhala m'kati mwa pensulo, ndipo ku Malawi wapezeka ku Malingunde ndi ku Kasiya m'chigawo chapakati. Mu graphite atomu iliyonse imagwira anzake atatu okha, pa ngodya za madigiri 120, ndipo onse amagona pamalo athyathyathya n'kupanga timabwalo ta ngodya 6 tolumikizana. Zotsatira zake ndi miyalo yopyapyala yosanjikizana. Anthu ambiri amaloweza kuti zolumikizira za graphite n'zofooka, koma kumeneko n'kulakwitsa. M'kati mwa muyalo umodzi maatomu atalikirana nanomita 0.142 yokha, ndipo agwirana mwamphamvu kuposa a mu dayamondi. Pofooka ndi pakati pa muyalo ndi unzake, pamene pali mpata wa nanomita 0.335 ndipo palibe covalent bond ngakhale imodzi. Pensulo ikamayenda papepala, miyaloyo imaterereka n'kumatsalira m'mbuyo, ndipo mzere wakuda umene umaoneka ndi miyalo imeneyo. Mpata womwewo ndi umene umapeputsa graphite. Kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse ka dayamondi kamalemera magalamu 3.5, pomwe ka graphite kamalemera pafupifupi 2.2.

Dayamondi alibe miyalo yoti iterereke. Kumukanda n'kudula zolumikizira zenizenizo, miyandamiyanda nthawi imodzi. Mu 1812 Friedrich Mohs wa ku Germany anasanja miyala 10 potengera umene ukukanda unzake. Talc anakhala pa 1, quartz wa mumchenga pa 7, corundum, mtundu wa miyala ya ruby ndi safiro, pa 9, ndipo dayamondi pa 10. Manambalawa amangonena amene ali patsogolo, sanena kuti watsogola motani. Zipangizo zoyezera zamakono zimaonetsa kuti dayamondi amaposa corundum maulendo angapo. Graphite pa mndandanda womwewo ali pakati pa 1 ndi 2.

Komabe kusakandika n'kwina, kusasweka n'kwina. Dayamondi akamenyedwa ndi hamala amaphwanyika. Chitsulo chikamenyedwa chimabinyira m'kati chifukwa maatomu ake amatha kusuntha n'kupeza anansi atsopano osalekana. Zolumikizira za dayamondi zimaloza kumbali zoikika, ndipo zikakakamizidwa kupitirira muyeso zimangoduka. Kuwonjezera apo, m'kasanjidwe kake muli mbali zinayi zimene mng'alu umadutsa zolumikizira zochepa kusiyana ndi kwina konse. Mbali zimenezi zimalingana ndi nkhope za mwala wachilengedwe, womwe kawirikawiri umatuluka pansi uli ndi nkhope 8 za ngodya zitatu, zinayi kumwamba zinayi kunsi.

Amisiri osema dayamondi akhala akudyera pa kufooka kumeneku. Mu Januwale 1905, pa mgodi wa Premier pafupi ndi Pretoria ku South Africa, panapezeka mwala wa makarati 3,106, kapena kuti magalamu oposa 600, umene unatchedwa Cullinan. Mu Febuluwale 1908, ku Amsterdam, Joseph Asscher anapatsidwa ntchito youg'amba. Iye ndi anzake anauyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali kuti adziwe kumene mbali zofookazo zadzera. Kenako anasema kamzere kozama pang'ono pogwiritsa ntchito dayamondi wina, ntchito imene inatenga masiku. Anaika mpeni wachitsulo m'kamzeremo n'kuumenya kamodzi. Unathyoka ndi mpeni, mwala uli chikhalire. Anaikapo mpeni wina, n'kumenyanso, ndipo mwalawo unang'aluka pawiri motsata mzere umene anakonza. M'mwalamo munatuluka miyala ikuluikulu 9 ndi ing'onoing'ono yambiri. Waukulu pa yonseyo, wa makarati 530, uli pa ndodo yachifumu ya ku Britain.

Nanga mwala umene palibe choukanda amaupukuta ndi chiyani? Amaupukuta ndi fumbi la dayamondi losakaniza ndi mafuta, lopakidwa pa gudumu lachitsulo lozungulira mwaliwiro. Izi zimatheka chifukwa kulimba kwa dayamondi sikufanana mbali zonse. Nkhope 8 zija ndizo zolimba koposa, pomwe mbali zina zimadyeka mosavutirapo. M'fumbi muja tizidutswa tagona moyang'ana kosiyanasiyana, ndiye nthawi zonse pamakhala tina timene talozetsa mbali yolimba pa mbali yofewerapo ya mwala. Mmisiri wopukuta dayamondi amadziwa kuti mwala ukakana kudyeka, chofunika n'kuutembenuza pang'ono, kukanikiza mwamphamvu sikuthandiza.

Zolumikizira zomwezo zimafotokozanso khalidwe la dayamondi pa magetsi ndi pa kutentha, ndipo apa pali zooneka ngati zosemphana. Magetsi amayenda pamene pali maelekitironi omasuka. Mu graphite, atomu iliyonse yagwiritsa ntchito maelekitironi atatu, ndipo yachinayi imayendayenda m'muyalo monse. N'chifukwa chake kandodo kakuda ka m'kati mwa batire ya tochi kamakhala ka kaboni wa mtundu umenewu. Mu dayamondi onse anayi ali pa ntchito, palibe wotsala, kotero magetsi sadutsa. Kawirikawiri chinthu chosadutsa magetsi, monga thabwa kapena pulasitiki, sichidutsanso kutentha. Dayamondi amaphwanya lamulo limeneli. Kutentha ndi kunjenjemera kwa maatomu, ndipo pamene maatomu ndi opepuka komanso omangika mokungika, atomu imodzi ikanjenjemera anansi ake amalandira msangamsanga. Dayamondi amapititsa kutentha pafupifupi kasanu kuposa mkuwa. Ndi chifukwa chake amamveka wozizira akakhudza mlomo, pakuti amakoka kutentha kwa thupi mofulumira. Kachipangizo kamene ogula miyala amagunditsa pa mwala kuti adziwe ngati ndi weniweni kamayeza zimenezi. Galasi limagwidwa pomwepo, ngakhale mwala wina wotchedwa moissanite umatha kupusitsa kachipangizoka.

Kuyera kwake nakonso kukuchokera pa maelekitironi ogwidwa zolimba aja. Kuti elekitironi ichoke pamalo pake pamafunika mphamvu yoposa imene kuwala kooneka ndi maso kuli nayo. Choncho kuwala kumangodutsa osamezedwa. Koma sikudutsa mwaulere. Mumlengalenga kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, pomwe mu dayamondi kumatsika kufika pa 124,000. Kutsika kumeneku kumakupinda kwambiri, ndipo kukalowa kumavutika kutuluka: kumagunda nkhope zakunsi n'kubwerera kumwamba. Mitundu yake imapindikanso mosiyana, kofiira pang'ono, kobiriwira kwambiriko, ndipo ndiko kuthwanima kwa utawaleza kumene kumakopa maso. Mwala wongokumbidwa kumene suoneka chonchi. Umafanana ndi chidutswa cha botolo chothimbirira. Mu 1919 Marcel Tolkowsky anawerengera ngodya zoyenera kuti kuwala kochuluka kubwerere kwa woyang'ana, ndipo kasemedwe ka nkhope 57 kapena 58 kofala pa mphete za ukwati kamatsatira kwambiri masamu akewo.

Mtundu umabwera pamene mlendo walowa m'malo mwa kaboni. Nayitirojeni, amene ali ndi maelekitironi 5 akunja, amapezeka m'miyala yambiri yachilengedwe, ndipo amameza kuwala kwabuluu n'kusiya mwala wachikasu. Boroni ali ndi atatu okha, ndiye pamalo pake pamaperewera elekitironi imodzi. Mwala wotere umameza kuwala kofiira n'kuoneka wabuluu, komanso, chifukwa cha mpata woperewerawo, umadutsa magetsi pang'ono. Dayamondi wotchuka wa Hope, wa makarati 45.52, amene ali m'nyumba yosungiramo zakale ya Smithsonian ku Washington, ndi wabuluu chifukwa cha boroni wochepetsetsa. Kwa wasayansi chimenechi ndi chilema m'kasanjidwe, koma kumsika chilemacho chimakweza mtengo koopsa.

Otsatsa malonda amakonda kunena kuti dayamondi ndi wamuyaya. Sayansi sikuvomereza kwenikweni. Pamwamba pa dziko pano, kasanjidwe kokhazikika ka kaboni ndi ka graphite, ndipo dayamondi ndi mlendo. Sasanduka graphite pa chala cha mkwatibwi chifukwa kuti atero ayenera kudula zolumikizira zake zambirimbiri n'kumanga zatsopano, ndipo kutentha kwa masiku onse kulibe mphamvu imeneyo ngakhale patapita zaka mabiliyoni. Akatenthedwa popanda mpweya kupitirira madigiri 1,500 amayamba kuda n'kusanduka graphite. Akatenthedwa mu mpweya wamba amapsa pa madigiri pafupifupi 800, kutentha kumene moto wa nyumba ungafikire.

Kwawo kwenikweni ndi pansi pa nthaka, makilomita 150 mpaka 200, kumene kutentha kumaposa madigiri 1,000 ndipo miyala ya pamwamba imapanikiza ndi mphamvu yoposa ya mpweya wa pano maulendo pafupifupi 50,000. M'mpanipani wotere kasanjidwe kotenga malo ochepa ndiko kamapambana. Miyala yambiri imene imakumbidwa inapangika zaka zoposa 1 biliyoni zapitazo, ina zoposa 3 biliyoni. Sinachokere ku malasha monga ena amanenera, pakuti malasha ndi zotsalira za zomera zimene zinadza mochedwa kwambiri ndipo amakhala pafupi ndi pamwamba. Chinaikweza ndi chiphalaphala chamoto chimene chinaphulika kuchokera pansi mothamanga, n'kuzizira msanga dayamondi asanapeze mpata wosintha. Mwala wa chiphalaphalacho umatchedwa kimberlite, potengera mzinda wa Kimberley ku South Africa, ndipo ndi umene umakumbidwa ku Orapa ndi ku Jwaneng m'dziko la Botswana.

Atadziwa kuti dayamondi ndi kaboni, akatswiri anayamba kuyesa kupanga okha. Kampani ya ASEA ku Sweden inakwanitsa mu 1953 koma inasunga chinsinsi. Mu Disembala 1954, Tracy Hall wa kampani ya General Electric ku Schenectady anapanga dayamondi m'njira imene ena anatha kuibwereza. Njirayi imatsanzira pansi pa dziko: graphite amapanikizidwa mwamphamvu pamodzi ndi chitsulo chosungunuka, kaboni amasungunukira m'chitsulomo, n'kumaundana pang'onopang'ono ali dayamondi. Njira yachiwiri, yotchedwa CVD, sifuna mpanipani. Kachidutswa kopyapyala ka dayamondi kamaikidwa m'chipinda mmene muli methane pang'ono ndi haidirojeni wambiri. Mpweyawo umatenthedwa mpaka timagulu take titaphwasuka, ndipo maatomu a kaboni amagwera pa kachidutswako n'kutsatira mizere imene aipeza. Haidirojeni amagwira ntchito ya mlonda: amadya graphite aliyense amene wayamba kumera, komanso amagwirizira zolumikizira za pamwamba kuti zisapinde. Mwala wotuluka ndi dayamondi weniweni, wa ngodya ndi mitunda yomweyo. Kuusiyanitsa ndi wa mumgodi kumafuna zipangizo zoona mmene unakulira ndi mmene nayitirojeni wakhalira m'kati mwake. Dayamondi wambiri wogwira ntchito m'mafakitale lero, wa pa macheka odulira matailosi ndi konkire komanso pa mano a makina obowolera miyala, ndi wopanga.

Pamwamba penipeni pa mwala, maatomu omalizira amasowa mnzawo wachinayi, ndipo amagwira haidirojeni kapena okosijeni. Dayamondi wongotuluka mu kimberlite sanyowa ndi madzi koma amakakamira ku mafuta. Migodi ya ku South Africa inapezerapo njira: miyala yophwanyidwa inkakokoloredwa ndi madzi pa matebulo opakidwa girizi, miyala wamba n'kumadutsa, dayamondi n'kumatsalira. Masiku ano migodi yambiri imagwiritsa ntchito X-ray, popeza dayamondi amawala akawombedwa ndi chezachi, ndipo makina amamuuzira pambali ndi mpweya.

Pali ntchito imodzi imene mwala wolimba koposawu umalephera, ndiyo yosema chitsulo pa liwiro lalikulu. Pokhulana pamatentha kwambiri, ndipo kaboni amasungunukira mu chitsulo chotentha, monga momwe amachitira m'makina opangira dayamondi aja. Mano a chipangizo amatha msanga ngakhale chitsulocho n'chofewa kuwayerekeza. Pa ntchito imeneyi mafakitale amagwiritsa ntchito cubic boron nitride, amene Robert Wentorf anapanga koyamba mu 1957. Mmenemo maatomu a boroni ndi a nayitirojeni amasinthana malo m'kasanjidwe kofanana ndi ka dayamondi, atatu a uyu ndi asanu a uyo n'kukwana maelekitironi 8 omwe maatomu awiri a kaboni akanasonkha. Kulimba kwake sikufika pa kwa dayamondi, koma chitsulo chotentha sichimudya.